Ndinapita Kukaphunzira Kompyuta, Ndinakapeza Masamu

Poyamba ndithokoze a Mkonzi a magazini yathu ino pondipatsa danga, ngakhale kuti papita zaka zitatu chichokereni pa seminale pano. Ena mwa inu a Folomu 4 mukundikumbukira: ndine uja wa ku Katuli amene ankachedwa kuliza belu la m'mamawa, inu muli a Folomu 1. Tsopano ndikutsiriza chaka chachiwiri ku yunivesite, kumene ndikuphunzira sayansi ya kompyuta. Pa tchuthi chapitachi anyamata atatu a pa seminale pano anandipeza, aliyense payekha ndiponso monong'ona ngati Nikodemo usiku uja, n'kundifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, kodi za kompyutazi n'zotheka kwa munthu ngati ine?" Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe poyera, kuti makolo ndi ansembe amve nawo, pakuti nkhaniyi ikuwakhudza iwonso.

Amene simunafikeko kwathu ndikuuzeni pang'ono. Mukachoka pa boma la Mangochi mumaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kukwera mapiri a ku Chowe ngati mukupita ku Namwera, kenaka n'kupatukira chakumpoto, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Kwathu ndi kwa Ayao, ndipo ambiri mwa abale athu ndi Asilamu. Akatolika tilipo ochepa, oti pa tchalitchi chathu chaching'ono timadziwana tonse maina. Wansembe amatifika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi ya dzinja msewu ukavuta timatha masabata ambiri tisanaone Misa. Choncho m'mene ndinasankhidwa kubwera ku seminale, sinali nkhani ya banja lathu lokha ai. Amayi a m'miphakati anasonkha mtedza, sopo ndi ndalama ya ulendo, ndipo ndikapita ku tchuthi agogo ena ankandigwadira mwanthabwala n'kumati, "Abambo afika!"

Nditalemba mayeso a MSCE, ndiponso nditakambirana nthawi yaitali ndi Bambo amene ankandilangiza za uzimu, ndinaona kuti njira ya ku Kachebere si yanga. Chifukwa chake sindilemba pano. Zimenezo n'za ine, iwo ndi Mulungu. Mayi anga anakhala masiku awiri osatchula kanthu. Amene analankhula ndi amjomba, maina a osankhidwa kupita ku yunivesite atatuluka. Anati: "Mwana iwe, wasiya guwa kuti ukaphunzire taipi? Zaka zinayi zathunthu? Mnyamata uja wa pa msika amene amabena nyimbo m'mamemori sanafike ndi Folomu 2 yomwe, koma kompyuta amaiseweretsa ngati bawo."

Sindinawayankhe, chifukwa munthu sabweza mau kwa amjomba ake, komanso chifukwa inenso, kunena zoona, sindinkadziwa kusiyana kwake. Ndikukhulupirira kuti makolo ambiri amene akuwerenga nkhaniyi akuganiza ngati amjomba, ndipo aseminale ambiri akuganiza ngati m'mene ndinkaganizira ine. Tonse tinali olakwa, ndipo kulakwa kumeneku kukupangitsa anyamata ena kusankha maphunzirowa pa zifukwa zosayenera, pamene ena oyenera akuwathawa.

Ndinapita ku koleji ndi maganizo oti tsiku loyamba lomwelo atikhazika kutsogolo kwa makina onyezimira n'kutionetsa pobofya. Zimene ndinakapeza ndi bolodi, choko ndi masamu. Masamu m'mawa, masamu madzulo: calculus, kenaka ena otchedwa discrete mathematics amene safuna yankho lokha koma umboni wotsimikiza kuti yankholo silingakhale lina. Ku labu ya makompyuta tinkapitako ndithu, koma mayeso ambiri olemba mapulogalamu tinkalemba ndi bolopeni pa pepala, mphunzitsi n'kumatsata mzere ndi mzere ngati m'mene Bambo wa Chilatini amachongera ntchito yanu. Semesita yoyamba ndinalephera phunziro limodzi la masamu, ine amene pa seminale pano ndinkadziyesa katswiri. Ndinabwerera kukalemba mayeso obwereza anzanga akudya chimanga chachiwisi kwao. Kunyumba ndinanama kuti tili ndi ntchito yapadera. Pepani mayi, mwadziwira m'magazini.

Panali anzathu ochokera m'matauni amene anakula ndi laputopu m'nyumba. Masabata oyamba ankatichititsa manyazi, zala zao zikuthamanga pamene ine ndikufunafuna chilembo chimodzi. Koma pofika kumapeto kwa chaka liwiro la zala linali litasiya kukhala nkhani. Chimene chinayamba kusiyanitsa anthu ndi ichi: kodi ungathe kukhala pansi maola atatu ndi funso limodzi limene likukukana, osaimirira, osagwira foni? Apa m'pamene ndinayamba kuthokoza sitade ya chete ya pa seminale pano, imene tinkadana nayo kwambiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pulogalamu yokana kuyenda ili ngati nkhono yomweyo.

Tsono sayansi ya kompyuta n'chiyani? Ndiloleni ndifotokoze ndi chinthu chimene ansembe athu amachidziwa bwino, kaundula wa ubatizo. Mnyamata wa kwathu ali ku Joni, wapeza mbeta, akufuna kumanga ukwati m'tchalitchi, ndipo ansembe a kumeneko akumufunsa kalata ya ubatizo. Amaimbira foni abale ake, abale amapita kwa akatekisti, akatekisti amatumiza uthenga ku parishi, ndipo kumeneko munthu amakhala pansi n'kumatembenuza masamba limodzilimodzi, chifukwa maina analembedwa motsata tsiku la ubatizo, pamene mwini wake sakumbukira ndi chaka chomwe. Ngati m'mabukumo muli maina 20,000, tsiku latsoka muwerenga onse 20,000.

Tiyerekeze tsono kuti mainawo aikidwa motsata alifabeti. Mumatsegula buku pakati penipeni. Ngati dzina mukufunalo liyenera kukhala kutsogolo, theka lonse lakumbuyo mwathana nalo osaliwerenga. Theka latsalalo mumatsegulanso pakati, n'kutayanso theka lina, n'kumapitiriza chomwecho. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Mutawalemba onsewo m'buku limodzi motsata alifabeti, mwa njira imeneyi simungayang'ane kopitirira ka 21 musanapeze munthu wanu. Amalawi onse 17.5 miliyoni a kalembera yemweyo angafune ka 25 basi. Wokaika atenge pepala, achulukitse 2 ndi 2, yankholo ndi 2, mpaka ma 2 akwane 21, aone ngati sapyola 2 miliyoni.

Ndondomeko yotere, ya masitepe omveka bwino oti ngakhale chinthu chopanda nzeru chingawatsate n'kufika pa yankho, ndiyo amaitcha algorithm. Kuipeza, kutsimikiza kuti siphonya, ndi kuwerengera kuti idzatenga nthawi yaitali bwanji maina akachuluka, imeneyo ndiye ntchito imene tikuphunzira. Mwaona kuti pofotokoza zonsezi sindinatchulepo magetsi kapena batani. Makina amabwera pambuyo, ngati wantchito wachangu koma wosaganiza, amene amachita ndendende zimene mwamuuza, ndi zopusa zomwe. Mnyamata wa pa msika uja amagwiritsa ntchito zimene ena anaganiza kale, ndipo ndimamulemekeza chifukwa akudyetsa banja lake. Koma tsiku limene pulogalamu yake idzasowe chimene iye akufuna, alibe pogwira.

Liu loti algorithm likuchokera ku dzina la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, katswiri wa masamu wachisilamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndipo liu loti algebra linachokera pa mutu wa buku lake. Nditawafotokozera zimenezi a Shehe oyandikana nafe, amene anandiona ndikukula, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Ndiye kuti ansembe anakulera zaka zinayi kuti ukaphunzire nzeru za Msilamu." Ndinati inde, a Shehe, ndipo manambala amene tonse timawerengera ndalama za fodya anafika ku Ulaya kudzera mwa anthu omwewo.

Ndikubwera tsopano pa mfundo imene ndikufuna ang'ono anga aimvetse. Ambiri mumaganiza kuti seminale yakutsekerezani, chifukwa mafoni saloledwa ndipo makompyuta ndi ochepa. Ine ndikuti seminale ikukukonzekeretsani bwino kuposa m'mene mukudziwira, ngati mukuchita zimene mwapatsidwa. Tengani Chilatini. Mukalakwitsa chilembo chimodzi kumapeto kwa liu, wochita amasanduka wochitidwa, chiganizo chonse n'kutembenuka. Zilankhulo zolembera mapulogalamu, monga Python, Java ndi C, zili ndi khalidwe lomwelo: chizindikiro chimodzi chikasowa, makina amakana, ndipo sachita chifundo ngati Bambo wa Chilatini. Munthu amene anazolowera kugawa chiganizo m'zigawo zake, n'kufunsa kuti liu lililonse likugwira ntchito yanji, wayenda kale gawo lalikulu la ulendo.

Inu amene mukupita ku Kachebere mukakumana ndi phunziro la logic, malamulo a kaganizidwe koyenera amene Aristotle anayamba kuwalongosola Ambuye Yesu asanabadwe. Mu 1854 Mngelezi wina, George Boole, anaonetsa kuti malamulo amenewa angalembedwe ngati masamu, pogwiritsa ntchito "zoona" ndi "zabodza", 1 ndi 0. Kompyuta iliyonse, ndi foni ya mabatani ya agogo yomwe, m'kati mwake mukuchitika masamu a Boole amenewa. Choncho musadabwe ndikanena kuti wophunzira filosofi ndi wophunzira kompyuta amamwa pa chitsime chimodzi.

Pali wansembe wina amene ndikanakonda chithunzi chake chitapachikidwa m'laibulale yathu. Dzina lake ndi Bambo Roberto Busa, wa chipani cha Ajezuiti, wa ku Italy. Iwo ankafufuza m'mabuku a Thomas Aquinas Woyera, ndipo anafuna mndandanda wosonyeza liu lililonse limene Woyerayu analemba, ndi malo onse amene likupezeka. Mau ake ndi pafupifupi 11 miliyoni, ntchito yoti moyo wa munthu mmodzi sungakwanire. Mu 1949 anapita ku New York kukaonana ndi Thomas Watson, mkulu wa kampani ya IBM, n'kumupempha makina. Pa nthawiyo anthu ankadziwa kuti makina otere ndi owerengetsera manambala basi. Zoti angagwire ntchito pa mau zinali zachilendo. Ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi 30, ndipo pofika 1980 mabuku 56 a Index Thomisticus anali atasindikizidwa. Chovuta chachikulu sichinali makina. Chinali kuwaphunzitsa kuti sum, es ndi fui ndi nkhope zitatu za mneni mmodzi, ndipo zimenezo zinafuna munthu wodziwa Chilatini. Lero akatswiri ambiri amawatenga Bambo Busa, amene anamwalira mu 2011, ngati mmodzi mwa oyambitsa ntchito yofufuza zolembedwa ndi kompyuta.

Vuto limene anakumana nalo iwo ndi lomwe likudikira zilankhulo zathu. Tengani liu loti "sindinakamuuzenso". Mzungu afuna mau asanu ndi awiri kapena kuposa kuti anene zomwezo, pamene ife tamanga zonse m'mtolo umodzi: kukana, wochita, nthawi, ulendo, wouzidwa, mneni ndi kubwereza. Makina opangidwa ndi anthu olankhula Chingelezi amavutika kumasula mtolo umenewu. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014, koma aliyense amene anayesapo kuipatsa mwambi kapena pemphero akudziwa kuti nthawi zina zotuluka zake n'zoseketsa. Nanga Chiyao chimene ndinayamwa? Zolembedwa zake pa intaneti n'zochepa kwambiri. Kodi tikuyembekeza kuti mnyamata wa ku California ndiye adzadzuke m'mawa n'kudera nkhawa za Chiyao cha ku Katuli?

Ndisakupangitseni kuganiza kuti maphunzirowa amapembedza makina. Chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene sayansi imeneyi inatsimikiza ndi malire ake. Mu 1936, makompyuta enieni asanapangidwe, Alan Turing anaonetsa mwa masamu kuti n'kosatheka kulemba pulogalamu yoti izitha kuyang'ana pulogalamu ina iliyonse n'kunena motsimikiza ngati idzamaliza ntchito yake kapena idzangozungulira mpaka kalekale. Sikuti makina ake sanapezeke ai, sadzapezeka. Ine, amene ndinakulira m'nyumba imene amatiphunzitsa kuti nzeru za munthu zili ndi polekezera, nditawerenga zimenezi ndinamva ngati ndakumana ndi mbale kuchilendo.

Pali chinthu china chimene seminale imapereka, chimene ku yunivesite amangochikhudza pang'ono, ndicho chikumbumtima. Makolo mukukumbukira nkhani ya Cashgate imene inaululika mu 2013. Boma linali ndi dongosolo la pa kompyuta lolipirira ndalama, lotchedwa IFMIS. Anthu ena odziwa kulowamo ankalemba malipiro kwa makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, macheke akatuluka n'kufufuta zolembedwazo kuti pasaoneke phazi. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September 2013, anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lao la ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala a m'zipatala za kumidzi ngati kwathu. Palibe amene anathyola chitseko ndi nkhwangwa. Akuba ake anali ovala mataye, okhala pa mpando, odziwa mau achinsinsi olowera. Mu February 2024 tinamvanso Pulezidenti Lazarus Chakwera akuuza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena analowerera makina opangira ziphaso zoyendera, ndipo kwa masabata angapo ziphaso sizinkatuluka. Kwathu, kumene pafupifupi banja lililonse lili ndi mwana ku Joni kapena wofuna kupitako, nkhani imeneyo sinali ya pa wailesi chabe.

Lero maina athu, zala zathu ndi nkhope zathu zili m'makina, kuchokera pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 amene analemba anthu opitirira 9 miliyoni. Ndalama zimene achimwene amatumiza kuchokera ku Joni zimafika pa foni. Wina ayenera kusunga makiyi a nkhokwe zimenezi. Ine ndingakonde kuti ena mwa osunga makiyiwo akhale anthu amene kwa zaka zinayi ankagwada madzulo alionse n'kufufuza mtima wao. Sindikunena kuti aliyense wodutsa pa seminale ndi mngelo; tonse tikudziwa ena amene anatichititsa manyazi. Koma mbeu imene inafesedwa ili ndi mwai womera kuposa imene sinafesedwe n'komwe.

Ndipo zabwino zikuchitika m'dziko mwathu momwe muno. Mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timachitcha Kamuzu Central, anthu a Baobab Health anayamba kulembetsa odwala ndi makompyuta ongokhudza ndi chala, n'kumata kapepala ka mizeremizere m'buku la kuchipatala la munthu aliyense, kuti akadzabweranso mbiri yake ipezeke msanga. Ntchitoyo inafalikira m'zipatala zambiri, makamaka kwa olandira ma ARV, ndipo mapulogalamu ake ankalembedwa ndi anyamata ndi atsikana a konkuno. Anaganizira za magetsi athu ozimazima ndi za anamwino amene sanaphunzirepo taipi, zinthu zimene wopanga ali kutali sakanaziona. Kwa makolo amene muli ndi ana aakazi okonda masamu, funsani za mayi Rachel Sibande, amene anaphunzira sayansi ya kompyuta ku Chancellor College n'kudzayambitsa mHub ku Lilongwe. Alongo athu musawatsekere.

Tsopano ndinene zowawa, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choyamba, ntchito sizikudikira munthu pa chipata. Mabwana ambiri akadali ndi maganizo a amjomba anga, ndipo munthu wa digiri amamulemba ntchito kuti azikonza printa ndi kulumikiza mawaya. Ndikudziwa amene anamaliza zaka ziwiri zapitazo ndipo akugulitsa mayunitsi. Amene zikuwayendera ndi amene pomaliza sukulu ali ndi chinthu chogwirika chimene anapanga okha, choti angaonetse. Pepala lokha silikwanira.

Chachiwiri ndi ndalama. Popanda laputopu yakoyako umavutika, pakuti labu imadzaza ndiponso imatsekedwa. Yanga ndi yakale, anatumiza achimwene kuchokera ku Joni, ndipo batire lake silitha ola limodzi. Ngongole ya boma ya ophunzira ilipo, koma sapatsa onse, ndiponso ndi ngongole, idzabwezedwa. Ndikapita ku tchuthi ndimakatchaja pa sola ya pa msika molipira, ndipo foni nthawi zina imasiya netiweki ya kuno n'kugwira ya ku Mozambique. Makolo muzidziwiretu zimenezi mwana asananyamuke.

Chachitatu ndi funso limene tonse m'kalasi mwathu likutisowetsa tulo. Chiyambire November 2022, pamene ChatGPT inatuluka, makina akutha kulemba okha mapulogalamu ang'onoang'ono amene kale ankapatsa ntchito ongoyamba kumene. Ena akuti maphunziro athu atha ntchito. Ine maganizo anga ndi akuti amene ali pa ngozi ndi uja anangoloweza kalembedwe, pamene wodziwa kuona ngati zimene makina alemba n'zoona kapena zabodza akufunika kuposa kale, chifukwa makinawa amanama molimba mtima. Koma ndikuvomera kuti ndikulankhula ngati munthu amene waika kale mazira ake m'chisa chimenechi, ndipo mundiyese ndi muyeso umenewo.

Wofuna kuyesa aike mtima pa Masamu ndi Fizikisi, osaiwala Chingelezi. Phunziro la kompyuta la ku sekondale ndi lothandiza, koma silingalowe m'malo mwa masamu. Maphunziro a mtundu umenewu amapezeka ku University of Malawi ku Zomba, imene mpaka 2021 inali Chancellor College, ku MUBAS ku Blantyre, ku MUST ku Thyolo ndi ku Mzuzu University. Maina ake amasiyana, ndipo za m'kati mwake zimasiyananso: computer science imalemera ku masamu ndi ma algorithm, pamene information technology ndi information systems zimayang'ana kwambiri kuyendetsa makina ndi ntchito za m'maofesi. Werengani bwino chikalata cha NCHE musanadzaze fomu, ndipo funsani amene ali kale kumeneko. Safunsa anadya phula.

Kwa inu Abambo ansembe, amene munandilera, ndili ndi mapempho awiri, ndipo ndikupempha mwaulemu ngati mwana. Loyamba, mnyamata akachoka pa seminale mwamtendere n'kupita ku yunivesite, musamuwerengere pa zotayika. Ambiri a ife timachita manyazi kubwerera ku parishi, chifukwa maso a anthu amatifunsa za mtedza ndi sopo zija. Liu limodzi la Bambo Mfumu pa guwa likhoza kuchotsa manyazi amenewo. Tipatseni ntchito. Maparishi ali ndi makaundula amene chiswe chikudya, masukulu ndi zipatala za Mpingo zili ndi mabuku a ndalama olembedwa pa manja, ndipo ife tilipo.

Lachiwiri ndikulipereka kwa Ambuye Aepiskopi kudzera mwa inu. Mpingo umatumiza ansembe kukaphunzira malamulo a Eklezia, Malembo Oyera ndi uphunzitsi. Bwanji osatumizako mmodzi kapena awiri ku sayansi ya kompyuta? Mu January 2025 Likulu la Mpingo ku Roma linatulutsa chikalata chotchedwa Antiqua et Nova, chofotokoza za nzeru za makina ndi nzeru za munthu. Ndani adzachimasulire kwa akhristu a m'miphakati ngati palibe wansembe wodziwa m'mene makinawo amagwirira ntchito? Apapa Leo XIV digiri yao yoyamba ndi ya masamu, imene analandira ku Villanova mu 1977, ndipo iwo eni anafotokoza kuti posankha dzina limeneli ankaganizira za Leo XIII, amene analemba Rerum Novarum mu 1891 poteteza antchito a m'mafakitale, pakuti masiku ano makina oganiza akubweretsa mafunso ofanana. Apapa omwewa pa 7 September 2025 analengeza kuti Carlo Acutis ndi Woyera, mnyamata amene anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo ankagwiritsa ntchito luso lake la kompyuta kusonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Guwa ndi kompyuta sizinadane.

Koma inu ang'ono anga atatu amene munandinong'oneza, ndi ena amene simunalimbe mtima, mundimve bwino. Nkhani ino si chitseko chothawira. Ngati chimene chikukuvutani ndi belu la m'mamawa, malamulo kapena mtsikana wa ku kwaya, musaveke vuto limenelo malaya a sayansi. Kambiranani ndi Bambo wokulangizani moona mtima. Ngati Mulungu akukuitanani ku unsembe, pitani ku Kachebere osacheuka, masamu anu muwatenge, adzagwira ntchito. Ndikunena izi ngati munthu wa ku Katuli: kwathu tikusowa wansembe kuposa m'mene tikusowera wolemba mapulogalamu, ndipo Lamulungu lililonse limene akatekisti amatsogolera mapemphero popanda Misa, ine ndimakhala kumbuyo, mtima ukundifunsa mafunso amene algorithm iliyonse singayankhe.

Pa tchuthi chomwechi Bambo Mfumu a parishi yathu anandilola kuti ndiyambe kulowetsa kaundula wa ubatizo m'kompyuta. Anandiuza kuti ntchitoyo ndizigwirira pa parishi pomwepo ndipo ndisatuluke ndi dzina ngakhale limodzi, pakuti m'mabukumo muli zinsinsi za mabanja. Ndinalemba kapulogalamu kanga, n'kuyamba monyada. Sabata yachiwiri kanandiuza kuti bambo wina ali ndi abale awiri amene palibe anawamvapo. Titafufuza tinapeza kuti ndi munthu mmodzi: wansembe wina analemba Saidi, wina Sayidi, ndipo pa ubatizo wa mwana wachitatu, nthawi imene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anali pakati pathu, wina analemba Saide monga amalembera Apwitikizi. Kwa makina amenewo ndi anthu atatu. Akatekisti athu okalamba anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Ameneyu ndi mmodzi, mayi ake ndinkawadziwa." Kuyambira tsiku limenelo timakhala awiri pa tebulo, iwo akutchula mibadwo, ine ndikufunafuna lamulo loti makina azitha kukaikira okha maina ofanana n'kutifunsa. Sindinalipezebe lokhutiritsa, ndipo mwina ndi limene ndidzalembe pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza.

Amjomba anabwera tsiku lina, akuchokera ku chigayo, n'kuima pakhomo nthawi yaitali akutiyang'ana. Kenaka anatchula dzina la malemu mlongo wao wamng'ono, amene anabatizidwa ali pafupi kumwalira, iwo ali ku Joni. Ndinalemba dzinalo, ndipo linatuluka pamodzi ndi tsiku, dzina la wansembe ndi la amene anamuimira. Anandiuza kuti ndiwawerengere kawiri. Atatero anasenza thumba lao la ufa n'kumapita. Ife tinapitiriza, tafika chaka cha 1991, ndipo mabuku atsala anayi.